Mbewu Imene Dailesi Anabisa

Kumsika wa Limbe, kuseri kwa mzere wa ogulitsa nsomba zouma, Dailesi anali ndi kalesitilanti ka mabenchi anayi. Anali ataphika pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo madalaivala a minibasi ndi ogwira ntchito m'mashopu ankadziwa kuti mpunga wa kwa amake Frank, monga ankamutchulira, sugwirana ngati phala. Koma kuyambira chaka chimene mbewu yatsopano inafika pamsika, anthu analeka kunena kuti akufuna mpunga. Munthu ankangolowa, n'kukhala pansi, n'kuti, "Mayi, Tawonga ndi nyemba." Wina n'kuti, "Tawonga ndi nkhuku, msuzi wambiri."

Tawonga anali mng'ono wake wa Dailesi, bere limodzi. Ndiye anapanga mbewuyo. Dzina lake la m'mabuku linali zilembo ndi manambala zoti munthu sangasunge pamutu, choncho alimi a kuchigwa cha Shire ndi a ku Chilwa anangoipatsa dzina la mayi amene ankalowa m'matope a minda yawo atavala jombo zazitali. Dailesi ankalimva dzinali kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo nthawi iliyonse ankamva ngati wina wamuponda chala chimene chili ndi bala.

Mayi awo, a Magadalena, anawoloka malire kuchokera ku Mozambique ali mtsikana, nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, atamanga mpunga wodzaza manja awiri pansonga ya chitenje. Anakwatiwa ndi telala wa ku Chitawira, n'kupeza kadimba padambo la ku Nancholi, ndipo mpungawo ankaubzala chaka ndi chaka. Ankautcha Mlendo, chifukwa unkaphikidwa pokhapokha pakhomo pakafika alendo. Ukakhala pamoto, fungo lake linkafika nyumba yachitatu. Vuto lake unali wautali kufika m'chifuwa, mphepo ikawomba unkagona m'madzi, unkachedwa kucha, ndipo dimba lonse silinkadzaza matumba awiri.

Bambo awo atamwalira, Dailesi anasiya sukulu ali Sitandade 8 kuti azithandiza mayi. Tawonga anapitiriza. Anasankhidwa kusekondale, anapita ku Bunda, kenako anakwera ndege kukaphunzira za mbewu kunja. Miyendo ya mayi itayamba kutupa, Dailesi ndiye ankafesa nazale, kuwokera mbande, kuingitsa mbalame ndi kusankha ngala zonenepa zoti zikhale mbewu. Anakwatiwa ndi Paston, makaniko wa ku Limbe, n'kumanga nyumba pafupi ndi dimbalo. Mayi atamwalira sanaleke. Zaka makumi awiri ndi zitatu anabzala Mlendo osadumphitsa.

Tawonga atabwerako kunja, anthu akumutcha kale Dokotala Namakhwa, anafika ku Nancholi kudzapempha kapu imodzi ya Mlendo. Dailesi anamupatsa ndi mtima umodzi. Miyezi ingapo itadutsa anakamupeza kuseri kwa nyumba ya makolo ku Chitawira, atagwada pakati pa ndowa zobzalamo mpunga. Anali ndi kasizasi kakang'ono ngati kodulira zikhadabo. Ankadula nsonga ya duwa lililonse la Mlendo, n'kuchotsamo timitu ta mungu ndi kachitsulo kosongoka, n'kugwedezerapo ngala ya mpunga wina waufupi wochokera kunja, kenako n'kuveka ngalayo kaenvelopu.

"Nanga izi ndiye ziti?" anafunsa Dailesi.

"Ndikukwatitsa, achemwali. Ndikufuna ana atenge fungo kwa Mlendo, msinkhu ndi kubereka atenge kwa uyu."

"Mwiniwakewe wosakwatiwa, koma kutanganidwa kukwatitsa mpunga."

Onse anaseka. Masiku amenewo kunalibe kanthu pakati pawo.

Ntchitoyo inatenga zaka khumi ndi chimodzi. Tawonga ankakhala kumalo a kafukufuku kuchigwa, komwe dzuwa limaswa mtengo. Chaka chilichonse ankabzala zidzukulu za ukwati uja zikwizikwi, n'kumayenda mzere ndi mzere, kuyeza msinkhu, kuwerenga njere, kutafuna ndi kununkhiza. Mwa zikwi zitatu ankasunga mwina makumi awiri, zina zonse n'kutaya. Anadwala likodzo kawiri, malungo ndiye osawerenga. Mphunzitsi wina wa ku Kanjedza amene ankafuna kumukwatira anadikira zaka zinayi, n'kukatenga wina. Pomaliza panatuluka mpunga wofika m'chiuno, wosagwa, wakucha m'miyezi inayi, wobereka katatu kuposa Mlendo, ndipo fungo lija unali nalo, ngakhale Dailesi ankati linachepa.

Tsiku lokhazikitsa mbewuyo kunali mwambo kuhotela ina m'tauni. Dailesi anatseka lesitilanti, anasoketsa diresi, ndipo mtsikana wolandira alendo anamuonetsa mpando wa kumbuyo, pafupi ndi khomo lopita kukhitchini. Tawonga anayankhula bwino. Anathokoza alimi, anathokoza anzake a kuntchito mmodzimmodzi ndi mayina awo, anathokoza malemu mayi ake amene anabwera ndi mbewu pansonga ya chitenje. Apa anthu anaomba m'manja, ena kupukuta misozi. Kenako anati, "komanso abale anga onse," n'kukhala pansi.

Mawa lake nyuzipepala inalemba kuti dokotalayo anapeza mbewu yakale imene malemu mayi ake anasunga. Dailesi anawerenga kawiri. Mayi anali atagona kumanda zaka zisanu Tawonga asanabwere kudzapempha kapu ija. Kodi mbewuyo inkadzibzala yokha? Anapinda nyuzipepalayo n'kuyatsira mbaula. Kwa mng'ono wake sananene kanthu, ndipo kutchalitchi amayi a Mvano akamuyamikira kuti banja lawo Mulungu analidalitsa, ankayankha kuti, "Zoonadi," mano ali pamodzi.

Zinayenda choncho zaka zitatu. Chaka chachinayi, Loweruka lina m'mawa mu Okutobala, galimoto ya kuntchito kwa Tawonga inaima pamsewu wa fumbi ku Nancholi. Dailesi anali akuchapa. Tawonga anakhala pakhonde, anapereka moni kwa alamu ake Paston amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo sanazungulire.

"Achemwali, ndabwera ndi vuto. Mpunga uja wagwidwa chiwawu. Masamba akuchita mawanga, khosi la ngala likuwola, mlimi akapuntha akupeza mankhusu okhaokha. Chaka chatha inali minda yochepa, koma chikufalikira."

"Pepa," anatero Dailesi, akufinya malaya.

"Mlendo sagwidwa matendawa. Dimba lanu ndakhala ndikuliona, masamba ake amakhala oyera. Mphamvu imeneyo inatsalira m'mbuyo pamene ndinkasankha, sindinadziwe. Ndiyenera kubwerera kwa Mlendo ndikakwatitsenso. Mbewu imene ndinasunga kuntchito inapita ndi madzi chaka cha namondwe chija, chipinda chonse chinamira. Mundigawireko kapu imodzi ngati kale."

Mbewu inalipo. Inali m'ndowa yabuluu yotseka bwino, yosakaniza ndi phulusa, pansi pa bedi. Dailesi anali atakolola mu Juni. Anayang'ana jombo za mng'ono wake, anayang'ana dalaivala amene ankadikira m'galimoto, ndipo mawu anatuluka okha, osalala ngati anawakonzeratu.

"Wachedwa. Anankafumbwe analowamo. Wotsalawo ndinaphika pa chinkhoswe cha Frank."

"Wonse? Ngakhale wodzaza dzanja?"

"Ndati wonse. Ine ndinalibe chipinda chozizira chosungiramo."

Tawonga anaika manja pamaondo. Kenako anafunsa ngati pali mnansi amene anagawiridwako. Panalibe, chifukwa anthu a padambopo ankati mpunga wogwa ngati umenewo ndi wotayitsa nthawi. Anatsanzika, galimoto inanyamuka.

Paston anapukuta manja ndi kansanza. "Amake Frank, ndowa ija ndimaigunda ndi phazi tsiku lililonse ndikamavala nsapato."

"Ndi ya kwathu, si ya kwanu."

"Sindikukana. Koma amene akuvutika ndi alimi, si mlamu wanga yekha."

"Akapemphe kwa mayi. Paja nyuzipepala inati anasunga ndi iwowo."

Paston anali munthu wosakonda mapokoso. Anabwerera kunjinga yake.

Bodza lili ndi ntchito yake. Mvula itagwa, Dailesi anazindikira kuti sangafese Mlendo, poti Tawonga akanamva, kaya kwa anansi kaya podzaona yekha. Kwa nthawi yoyamba chiyambire utsikana wake, dimba la ku Nancholi linabzalidwa chimanga ndi mpiru. Ankadutsa m'mphepete mwake osafuna kuliyang'ana. Ankadziuza kuti n'chaka chimodzi chokha, mng'ono wakeyo alaweko kusowa, kenako adzanena kuti wapeza kathumba kamene kanaiwalika.

Chaka chimenecho Tawonga anatenga tchuthi n'kuwoloka pa Muloza kupita kwawo kwa mayi. Anayenda midzi ya ku Milanje mpaka ku Morrumbala, pa njinga zamoto ndi wapansi, akufunsa nkhalamba za mpunga wautali wonunkhira. Anabwerako patatha milungu isanu ndi umodzi, atawonda, ali ndi mitundu isanu ndi inayi m'timapepala. Ataibzala, panalibe Mlendo. Nkhalamba za kumeneko zinamuuza kuti mpunga wotero unatha nthawi ya nkhondo yachiwiri ija, yapachiweniweni, anthu atathawa n'kusiya minda.

Chiwawu chinakula. Wahab, wamalonda amene ankabweretsa mpunga kulesitilanti, anafika tsiku lina ndi thumba limodzi m'malo mwa atatu.

"Mayi, Tawonga wavuta. Achimwene anga a Abdala ku Chilwa anabzala munda wonse, akolola zosakwana kudya mpaka Ogasiti. Anthu kumeneko dzina limeneli akulitchula molavula."

"Ayi, zachisoni," anatero Dailesi.

Koma m'chifuwa mwake munatentha kaukoma kamene sakanauza munthu, ngakhale abusa. Masana ena pawailesi panali pulogalamu yoimba mafoni, alimi akudzudzula Dokotala Namakhwa kuti anawasiyitsa mbewu zawo n'kuwapatsa yodwala. Tawonga ankayankha modekha, mawu atasasa, kuti akuyesetsa. Dailesi anakweza wailesiyo mpaka kasitomala wina anadandaula. Madzulo ake, akutsuka mapoto, anakumbukira Abdala amene sanamuonepo n'kale lonse, ndi ana ake, ndipo mpunga umene anadzipakulira unamukanika kumeza. Komabe chaka chachiwiri chinadutsa ndowa ili pansi pa bedi. Tsopano chimene chinkamugwira sichinali nsanje yokha, analinso mantha. Akanayamba bwanji kunena?

Mvula yachitatu itayandikira, Paston anayankhula akumwa tiyi, osamuyang'ana.

"Mbewu si mchere, amake Frank. Imafa."

Mwamuna wake atapita kuntchito, Dailesi anatulutsa ndowa ija. Njere zinkaoneka bwinobwino, zagolide, zopanda bowo. Anatapa dzanja limodzi, ananyika m'madzi tsiku lathunthu, n'kukulunga m'chiguduli chonyowa monga ankachitira chaka chilichonse. Tsiku lachitatu anatsegula, panalibe chimene chinatuluka. Tsiku lachisanu njere zinayamba kununkha chuku.

Anakhuthula ndowa yonse m'beseni, ananyika, anayala paziguduli zinayi m'chipinda chimene munkagona Frank asanakwatire. Masiku amenewo kulesitilanti anapsereza nyemba kawiri. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anagwada pansi n'kuyamba kufufuza njere imodziimodzi. Mwa zikwi zonsezo, khumi ndi zinayi zokha n'zimene zinatulutsa kamuzu koyera, kowonda ngati ulusi.

Anakhala pansi pomwepo. Mpunga umene unapulumuka nkhondo, umene iye anausenza zaka makumi awiri ndi zitatu, anali ataupha yekha pansi pa bedi lake. Anaganiza zowokera njerezo kudimba mwakachetechete, koma ankadziwa mbewa za padambo paja, nkhuku za anansi, ndi madzi amene amasefukira mu Januwale. Njere khumi ndi zinayi sizikanafika Epulo.

Tawonga anali kunyumba ya makolo ku Chitawira mlungu umenewo, akuchira malungo. Dailesi anaika timbandeto m'mbale ya dothi lonyowa, anaphimba ndi nsalu, n'kukwera minibasi atayifungatira pamiyendo. Anamupeza atakhala pakhonde ndi mapepala, atafunda chitenje dzuwa lili phwee. Anaika mbaleyo patebulo n'kuvundukula.

Tawonga anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali, anatola khoko la njere imodzi yosamera imene inagwera m'dothimo, n'kuona kamchira kake kofiirira.

"Mwaupeza kuti?"

"Unali kwathu."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lija unabwera."

Tawonga anatsamira kumpando. Sanakweze mawu. "Ndinagona pamphasa za eni ku Morrumbala, achemwali. Pali mayi wina kuchigwa anandiponyera mankhusu kumaso pamaso pa anthu. Zaka ziwiri zimenezi bwenzi pano ndili ndi ana a ukwati watsopano m'munda. Ndinakulakwirani chiyani?"

Dailesi anali atakonza zopepesa m'minibasi monse, koma zimene zinatuluka zinali zina.

"Kuhotela kuja unatchula dalaivala wako ndi dzina. Unatchula mzungu amene anakutumizira makina. Ine ndinali abale anga onse. Iwe uli kusukulu, ndani ankaima m'madzi mbandakucha? Mayi atamwalira, ndani anabzala? Ndinasiya sukulu ine kuti iwe upite, ndipo m'kalasi ndinkakhoza kuposa iwe, ukafunse aliyense. Lero ndimapakula dzina lako m'mbale tsiku lonse."

"Ndiye chifukwa cha dzina, anthu agone ndi njala?"

"Usandifunse ngati uli pawailesi. Ndikudziwa chimene ndachita."

Mumsewu munadutsa wogulitsa makala akuitanira. Tawonga anakoka mbale ija n'kuiika pamthunzi.

"Kusakutchulani ndinalakwa," anatero. "Ndinkakuonani ngati khoma la nyumba ino, loti lilipo basi. Koma izi mwachitazi sindikudziwa ngati ndidzaziiwale. Musandikakamize lero."

"Sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kuti mbande izi zisafe."

Tawonga anadzuka, akadali wofooka, n'kukatulutsa ndowa zakale kuseri. Anatuma mkulu wake kukatapa dothi la pansi pa nthochi, iye n'kumasefa. Anagwira ntchito mpaka masana, mbande iliyonse ndowa yakeyake, n'kuzitchinga ndi neti yakale ya udzudzu. Zoyankhula zinali za dothi ndi madzi basi.

Mwa khumi ndi zinayi zija zinapulumuka zisanu ndi zinayi. Zitatu Tawonga anazikwatitsa ndi mpunga wake, zotsalazo anazisiya kuti zibereke mbewu. Atakolola anagawa patatu: gawo lina kuntchito kwake, lina anatumiza kosungira mbewu ku Lilongwe, lina anapatsira Paston m'botolo kuti akapereke kunyumba. Alimi anauzidwa kuti mbewu yopirira chiwawu idzatuluka pakatha zaka zisanu ndi chimodzi, mwina zisanu ndi ziwiri. Ambiri anabwerera ku mbewu zakale za Kilombero ndi Faya. Abdala, malinga ndi Wahab, anasiya munda n'kupita kukagwira ganyu ku Zomba.

M'lipoti la chaka chimenecho Tawonga analemba kuti mbewu ya Mlendo inasungidwa ndi kubzalidwa ndi Mayi Dailesi Namakhwa a ku Nancholi. Za ndowa ya pansi pa bedi sanalembe, ndipo sanauze munthu. Frank anawerengera mayi ake chiganizocho pafoni n'kuwamasulira m'Chichewa. Dailesi anamuuza kuti abwereze. Chinamukomera, koma osati monga ankaganizira. Linali tsamba la makumi anayi ndi chiwiri, ndipo pachikuto panali dzina la mng'ono wake m'zilembo zikuluzikulu. Kukhululuka kwakachetechete kwa Tawonga nakonso kunkamuwawa, poti ngakhale pa ubwino wa mtima wamng'onoyo anali atamuposanso.

Ankaonana pamaliro ndi pazinkhoswe, n'kupatsana moni waulemu. Chakumapeto kwa chaka, mkulu wa amayi a Mvano, a Jacqueline, anamuimitsa Dailesi potuluka m'tchalitchi.

"Amake Frank, tili ndi msonkhano wa atsikana mu Disembala. Tikufuna a dokotala adzawalimbikitse za sukulu. Inu ndinu mkulu wawo, sangakukanireni."

"Amatanganidwa kwambiri," anatero Dailesi. "Koma ndiwauza."

Uthengawo anakhala nawo milungu iwiri. Lolemba la mlungu wachitatu, lesitilanti isanadzaze, anapukuta manja pa epuloni, anatenga foni, n'kumuimbira yekha mng'ono wake.